Matenda a m'mafupa omwe anabisala m'dzina la TB

Tizilombo ta mtundu wa mycobacteria tili m'magulu oposa 150, koma todziwika kwa anthu ndi toyambitsa chifuwa chachikulu (TB) ndi khate. Totsalato timakhala m'dothi ndi m'madzi. Kawirikawiri sitidwalitsa munthu, koma tikalowera pabala lakuya, kapena m'thupi lofooka ndi HIV, timatha kufika m'fupa n'kumalidya pang'onopang'ono. Msana kapena bondo limawawa kwa miyezi, pamatupa, kenako pamaboola n'kumatuluka mafinya osaphwa.

Kwa nthawi yaitali zonsezi zinkawerengedwa ngati TB ya m'mafupa, yopinda msana mpaka kutuluka linunda, yomwe Percivall Pott wa ku London anaifotokoza mu 1779. Robert Koch anapeza kachilombo ka TB mu 1882, koma tina tija ta m'dothi ndi m'madzi tinadzaikidwa m'magulu ake mu 1959, ndi Ernest Runyon wa ku America.

Kuno kwathu zinatenga nthawi yaitali kuposa apo. Ntchito yolimbana ndi TB, yomwe inakonzedwanso mu 1984, inkadalira kuyeza makhololo pa maikulosikopu, pomwe tizilombo tonseti timaoneka chimodzimodzi: timitengo tofiira ting'onoting'ono. Matenda a m'fupa nawonso sadziwika ndi makhololo. Munthu wa kwa Nthache wodwala msana ankadutsa pachipatala cha boma cha Mwanza, zikavuta n'kutumizidwa kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo chithunzi cha X-ray chikaonetsa fupa lodyeka, choyamba kuganiziridwa inali TB. Madokotala sankalakwa poganiza choncho, chifukwa TB ndiyo yofala kwambiri.

Tizilombo ta m'dothi tinamveka kwambiri chifukwa cha kafukufuku wa ku Chilumba m'boma la Karonga, yemwe anayamba mu 1979 mothandizidwa ndi bungwe la LEPRA. Zotsatira za mu 1996 zinaonetsa kuti katemera wa BCG, uja wosiya chipsera paphewa, amateteza ku khate koma osati ku TB ya m'mapapo. Akatswiri ambiri amati thupi lozolowerana kale ndi tizilombo ta m'dothi silipindula kwenikweni ndi katemerayu.

Makina a GeneXpert, omwe bungwe la WHO linawavomereza mu 2010, amazindikira kachilombo ka TB kokha. Maikulosikopu ikaonetsa tizilombo m'mafinya koma makinawa osapeza kanthu, dokotala amayamba kukayikira tina tija. Kutsimikiza kumafuna kutimeretsa mu labotale yaikulu kwa milungu ingapo. Mankhwala a TB paokha sakwanira: wodwala amamwa ena ophatikiza, monga clarithromycin, kwa miyezi yambiri, ndipo nthawi zambiri fupa lowolalo amalipala pa opaleshoni.