Kachulu ndi nyanja yake yopita n'kubwera

Nyanja ya Chilwa inali ndi potulukira kale. Akatswiri a za nthaka amati zaka zikwi zingapo zapitazo madzi ake ankasefukira kumpoto, kulowa m'nyanja ya Chiuta, kupitirira ku Amaramba, n'kutsika ndi mtsinje wa Lugenda mpaka kukathira mu Rovuma. Kenako mphepo ndi mafunde zinayamba kuunjika mchenga chakumpotoko, pang'onopang'ono, mpaka panakula chitunda chachitali chimene chinatseka njira ija. Chitundacho chilipo mpaka lero, ndipo njanji yochokera ku Nkaya kupita ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970, imayenda pamwamba pake. Kuyambira nthawi imeneyo Chilwa imangolandira. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani ndi Mnembo wochokera ku Mozambique onse amathira momwemo, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotulutsa madzi. Wotunga ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake madziwo ali ndi kamchere, amaoneka otuwa ndi dothi, ndipo m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu. Mvula ikachuluka nyanja imatambalala mpaka m'minda ya anthu. Ikakanika zaka ziwiri zitatu zotsatizana, nyanja imachoka. Mbiri yonse ya doko la Kachulu yamangidwa pa khalidwe limeneli.

Ukaima padoko n'kuyang'ana kuvuma, maso amagwera pa mapiri a chilumba cha Chisi. Mapiriwa ndi akale kuposa nyanja imene yawazungulira. Anatuluka m'mimba mwa dziko ngati miyala yosungunuka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo mu 1937 Frank Dixey ndi anzake atalemba za miyala ya pa Chisi ndi ya mapiri oyandikana nacho, dzina la Chilwa linalowa m'mabuku a ophunzira za miyala padziko lonse. Koma anthu anali atachidziwa kale chilumbachi pa zifukwa zawo. Anyanja ndi Amang'anja ankatchera miono m'madambo, kukola mbalame, ndi kutcheza mchere kuchokera m'dothi la m'mphepete mwa nyanja. Mchere umenewu unkayenda mtunda wautali pamitu ya anthu, kusinthanitsidwa ndi makasu, nsalu ndi chakudya. Malonda a m'dera lino sanayambe ndi galimoto ayi.

Pa 18 Epulo 1859, David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanjayi atayenda wapansi kuchokera kwa Chibisa kuchigwa cha Shire. Livingstone analemba dzina lake kuti Shirwa, nanena za madzi owawirako, ng'ona ndi mvuu. Chimene chinam'gwira mtima kwambiri sichinali nyanja imene anali kuiona, koma zimene anthu anamuuza, zoti kumpoto kuli ina yaikulu koposa. Mu Seputembala chaka chomwecho anakafika kumeneko. Ine ndimaona kuti mwambo wonyalanyaza Chilwa unayambira apa, ndipo ife eni dziko tinaulandira osaufunsa. Mpaka lero munthu wa ku Zomba akati wapita kunyanja, aliyense amamva kuti wapita ku Mangochi kapena ku Salima, chonsecho nyanja imene imam'patsa ndiwo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakhomo pake.

Zaka zotsatira ulendo wa Livingstone zinali zowawa. Ayao ankatsika kuchokera kumpoto chakuvuma, malonda a akapolo anakula, ndipo njala ya mu 1862 ndi 1863 inatha anthu ambiri m'mapiri a Shire. Pambuyo pake kunabweranso nkhondo za Angoni. M'nyengo zotere Chisi chinali linga. Anthu ankawolokera kumeneko ndi mabwato, adani n'kutsala kugombe akuyang'ana matope ndi njedza zimene sakanatha kuzidutsa. Kuwoloka kumene lero mlendo amakuyesa kokasangalala kunayamba ngati kuthawitsa moyo. Mu 1883 Henry O'Neill, kazembe wa Britain ku Mozambique, anayenda kuchokera kunyanja ya mchere kudzafika kuno, natsimikizira anzake a ku Ulaya zoti Chilwa sithira mu Lugenda. Mu 1891 Britain ndi Portugal anagawana dziko, malire n'kudutsa kugombe la kuvuma kwa nyanjayi, ndipo chaka chomwecho Zomba inakhala likulu la boma la atsamunda. Mfumu Kawinga, amene anali ndi linga pa phiri la Chikala kumpoto chakuzambwe kwa nyanja, anagonjetsedwa mu 1895.

Apa ndi pamene Kachulu anapezera mwayi wake. Tauni ya Zomba inkakula, ndi asilikali, akalaliki, akaidi ndi antchito a m'nyumba za azungu. Minda ya fodya, thonje ndi tiyi inkatsegulidwa kuyambira ku Thondwe mpaka ku Mulanje ndi Thyolo. Alomwe ankalowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, ena kukagwira ntchito m'mindamo, ena kukhazikika m'mphepete mwa nyanja n'kuyamba usodzi. Anthu onsewa ankafuna ndiwo zotsika mtengo, zosawola msanga. Chilwa inali nazo, ndipo gombe loyandikana ndi Zomba, la m'dera la Mfumu Mwambo, linasanduka khomo lotulukirapo nsomba. Poyamba madengu ankayenda pamutu. Kenako inafika njinga yakapalasa, imene inasintha malonda a nsomba kuposa china chilichonse, pakuti munthu mmodzi ankatha kunyamuka mbandakucha ndi katundu wa anthu atatu n'kukafika pamsika dzuwa lisanawawe. Malole ndi matola zinabwera pambuyo.

Nsomba za Chilwa zodalirika ndi mitundu itatu yokha, ndipo aliyense wokulira kummwera amazidziwa: matemba, makumba ndi mlamba. Kunyanja ya Malawi mitundu ya nsomba ili m'mazanamazana, koma kuno madzi amchere ndi kuphwa kwa nyanja zinasefa zonse zofooka, n'kutsala zopirira zokhazokha. Zimene zinatsalazo zimaswana modabwitsa, chifukwa madzi osaya amatentha bwino ndipo matope ake ndi odzala chakudya. M'zaka zabwino nyanja yaing'onoyi yakhala ikutulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi. Matemba amayanikidwa padzuwa, ndipo mayi wodziwa kuphika amayamba wawakazinga pang'ono asanathire tomato ndi anyezi, kapena amawatendera ndi nsinjiro. Mlamba amaupinda n'kuuwamba pa utsi mpaka kuda bii, ndipo msuzi wake ndi nsima ya mgaiwa umakhutitsa munthu wogwira ntchito yolemetsa. Makumba ndi abale ake a chambo, ochepa thupi, aminga yambiri, koma aawisi ongovuulidwa kumene, owazidwa mchere n'kuotchedwa pamakala padoko pomwepo, sindiona chifukwa chowachepetsera pamaso pa chambo cha m'mahotela. Kuwonjezera apo pali mpunga. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma linatsegula minda yothirira ya Likangala ndi Domasi, kotero mbale ya mpunga ndi nsomba ku Kachulu yonse imachokera m'chigwa chimodzi.

Gombe la Kachulu si la mchenga woyera. Ndi la dothi lakuda, mabwato ogona mondondozana, maukonde oyanikidwa, utsi wa nkhuni, ndi phokoso la anthu otsatsana mitengo. Kuti boti lifike pa madzi oyera liyenera kudutsa kaye m'ngalande zodulidwa pakati pa njedza, udzu wautali umene wazinga nyanja mbali zambiri. Poti pansi m'pafupi, oyendetsa ambiri amakankha bwato ndi nsungwi yaitali m'malo mopalasa ndi nkhafi, ataimirira kumbuyo, thupi lonse likugwira ntchito. Maboti amatabwa a injini amanyamula anthu, njinga, matumba a ufa ndi malata kupita ku Chisi, kwa Mfumu Mkumbira, ndipo ena amawoloka nyanja yonse mpaka ku Chinguma, tsidya la kuvuma kufupi ndi malire. Kwa anthu a tsidya limenelo, amene ndi a boma la Zomba koma alibe msewu wachidule wopitira kuboma kwawo, boti la ku Kachulu ndiyo basi, ndiyonso ambulansi.

M'kati mwa njedzamo muli chinthu chimene sindidziwa china chofanana nacho m'dziko muno: zimbowera. Asodzi amapinda ndi kusanjikiza njedza mpaka kupanga pogona poyandama, n'kumangapo kachisakasa. Amakhala momwemo milungu kapena miyezi, kuphika, kuwamba nsomba, kugona, osaponda kumtunda. Ogula amawatsata ndi mabwato, ndipo pamadzi pomwepo pamapezeka ogulitsa tiyi, ufa ndi sopo. Ndi nzeru yochititsa kaso, koma mtengo wake ndi wowawa, chifukwa madzi akumwa ndi omwewo, chimbudzi ndi momwemo. Kolera wakhala akuyambira m'zimbowera kawirikawiri. Mu 2016 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anakapereka katemera wakumwa kwa asodziwa, ndipo poona kuti sangawapezenso pamalo amodzi, ena anawapatsa mlingo wachiwiri kuti akamwe okha masiku ake akakwana.

Za kuphwa kwa nyanja akuluakulu ankazidziwa kale, chifukwa zinachitikapo kangapo m'nthawi ya atsamunda. Koma kuphwa kwa mu 1968 ndiko kunalembedwa mwatsatanetsatane, popeza kunapeza akatswiri a Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, atayamba kale kafukufuku pa nyanjayi mu 1966. Anaona madzi akuchepa, mchere ukukwera, makumba akufa mwaunyinji, mpaka pansi pa nyanja panang'ambika ming'alu. Asodzi anabalalika, ena ku Malombe ndi ku Chiuta, ena kukalima. Kenako mvula inabwera, ndipo patangopita zaka zochepa nsomba zinadzazanso. Buku limene akatswiriwa anatulutsa mu 1979 linafotokoza chinsinsi chake: mbewu ya nsomba imabisala m'maiwe a mitsinje ndi m'madambo osaphwa, ndipo madzi akabwerera imatsikira m'nyanja yodzala ndi chonde cha zomera zowola. Nyanja ikaphwa, moyo wake umasungidwa ndi Likangala, Domasi ndi Phalombe.

Phunziro limeneli linagwira ntchito mu 1995, nyanja itaphwanso. Mafumu ndi a Dipatimenti ya Usodzi anagwirizana zoteteza maiwe a m'mitsinje, kuletsa kuthira katupe ndi kukokamo makoka, ndipo m'magombe munakhazikitsidwa makomiti a asodzi. Lamulo lotseka nyanja kwa a makoka kuyambira pa 1 Disembala, nthawi imene nsomba zikuswana, limayendetsedwa ndi makomiti amenewa, ngakhale kuti kulisunga kumavuta pamene m'nyumba mulibe ufa. Posakhalitsa Chilwa inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zake za mitundu yoposa 150, zina zouluka kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia chaka ndi chaka. Mu 2006 bungwe la UNESCO nalo linaizindikira. Kuyambira mu 2010, pulogalamu yothandizidwa ndi dziko la Norway inabweretsa ku Kachulu nyumba zapulasitiki zoyanikiramo nsomba ndi kutentha kwa dzuwa, ndipo magulu a amayi anayamba kugulitsa matemba opanda mchenga ndi ntchentche, oikidwa m'mapaketi.

Mu 2018 madzi anachokanso. Mabwato anagona pa dothi louma kutali ndi madzi, ndipo doko limene limadzuka usiku linakhala zii. Mvula ya namondwe wa Idai mu Malichi 2019 inabweza nyanja, ndipo ya Freddy mu Malichi 2023 inaidzaza mopitirira, mpaka kumiza minda ndi nyumba za m'mphepete. Chodetsa nkhawa n'chakuti mitengo ya m'phiri la Zomba ndi m'magwero a mitsinje ikutha, dothi likukokolokera m'nyanja yosaya kale, ndipo anthu odalira chigwachi tsopano aposa 1.5 miliyoni. Maiwe aja amene amasunga mbewu ya nsomba ndi omwewonso alimi akupopamo madzi othirira.

Matauni ambiri otchuka a m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, monga Saint-Tropez ku France ndi Positano ku Italy, anali midzi ya asodzi alendo asanawatulukire, ndipo lero ambiri mwa maboti ake amanyamula alendo m'malo mwa nsomba. Kwathu kuno Cape Maclear yayenda njira yofananayo. Kachulu sangaitsate, ndipo sindikufuna kuti ayesere. Muno simusambidwa, muli likodzo ndi ng'ona, ndipo palibe angamange hotela pa gombe limene chaka china lili pakhomo, chaka china lili kutali. Chimene Kachulu ali nacho ndi doko lamoyo, chakudya chochokera pomwepo, mbalame, ndi ulendo wa pamadzi wopita ku chilumba cha milambe ndi mbiri. Zosowa zake n'zodziwika, ndipo zikanathandiza eni mudzi asanathandizike alendo: msewu wosavuta m'dzinja, madzi abwino akumwa, zimbudzi padoko, ndi majekete oyandamitsa m'boti lililonse lonyamula anthu. Wofuna kupitako achoke ku Zomba m'mamawa, adzere msewu wa ku Airwing, makamaka pakati pa Meyi ndi Ogasiti pamene msewu wauma koma nyanja ikadali yodzala. Awoloke dzuwa lisanakwere, chifukwa mwera ukauka masana, madzi osayawa amawinduka msanga, ndipo akafika pa Chisi ayambe wakaonekera kwa mfumu asanakwere phiri.