Kutentha M'makalasi: Zimene Makolo a ku Bindura Ayenera Kudziwa

Ku Bindura dzuwa limaswa mtengo kuyambira Seputembala kufikira mvula itayamba mu Novembala. Nthawi imeneyi ndi ya teremu yachitatu ndiponso ya mayeso a ZIMSEC. Kalasi yofolera ndi malata, yopanda siling'i ndiponso yodzaza ana imasunga kutentha, ndipo masana mkati mumatentha kuposa pamthunzi wa mtengo. Ana ophunzira chigawo chamasana, m'sukulu zimene amasinthana makalasi, amayendanso ulendo wa kusukulu dzuwa lili paliwombo.

Kodi sukulu ingachitepo chiyani?

Sukulu zili pansi pa unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale, koma zambiri zoteteza ana zili m'manja mwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya chitukuko cha sukulu, SDC, mmene inu makolo muli ndi mawu. Pamsonkhano, pemphani:

- kuti madzi akumwa aukhondo azipezeka tsiku lonse, ndipo ana aziloledwa kumwa ali m'kalasi;
- kuti masewera ndi ntchito zapanja zizichitika m'mawa;
- kuti mazenera azitsegulidwa mbali zonse ziwiri;
- kuti denga lipakidwe penti yoyera ndi kubzala mitengo yamthunzi.

Ngati vuto likupitirira, kadandauleni ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu.

Udindo wanu pakhomo

Mpatseni mwana botolo la madzi ndi chipewa tsiku lililonse. Mkodzo wochepa ndi woderapo umasonyeza kuti madzi akuchepa m'thupi. Ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu, matenda a mtima kapena a shuga, kapena akutsekula m'mimba, dziwitsani aphunzitsi ake, pakuti ana otere amafooka msanga.

Zizindikiro ndi chithandizo

Mwana akamamva mutu, chizungulire kapena nseru, kwinaku akutuluka thukuta lambiri, mugonekeni pamthunzi, mmasuleni zovala, mpukuteni ndi nsalu yonyowa ndipo mummwetse madzi kapena ORS pang'onopang'ono.

Koma akayamba kubwebweta, kudzandira, kugwedezeka kapena kukomoka, thupi lili lotentha kwambiri, moyo wake uli pachiswe. Mthireni madzi ozizira thupi lonse, mkupizeni, ndipo thamangirani naye ku kiliniki yapafupi kapena ku Bindura Provincial Hospital. Musammwetse kanthu ali chikomokere, ndipo musadalire panado, chifukwa satsitsa kutentha kobwera ndi dzuwa.