Mulungushi, Lukanga ndi injini imene tinatsala pang'ono kugula

Chilimba chathu cha kuno ku Makululu chazungulira zaka zitatu tsopano. Tilimo anthu 9. Ena amagulitsa salaula, mmodzi amawotcherera zitsulo, awiri timathandiza ku wayilesi ya m'dera popanda malipiro. Chaka chatha tinagwirizana kuti ndalama zisamangothera pa mafoni ndi lendi, koma tigule chinthu chimodzi cha tonse. Tinasankha boti la faiba, la mtundu uja aliyense amautcha banana boat, kuti pa Chiwelu ndi pa Sondo tizinyamula anthu okayenda pa damu la Mulungushi.

Boti tinalipeza mosavuta. Mkangano unabuka pa injini. Munthu wina ku Lusaka ankagulitsa Evinrude yakale ya hosipawa 60 pa mtengo wotsika, ndipo anyamata a m'gulu atangoona chithunzi chake pa foni mitima inathawa. Ena tinkafuna injini yaing'ono koma yatsopano. Poti ife a ku wayilesi tinazolowera kufunsa anthu mafunso, gulu linatituma kukafufuza. Zambiri zimene tinabwera nazo zinali za kale, ndipo ndi zimene zinathetsa nkhaniyo.

Kabwe ilibe nyanja, koma ili pakati pa madzi awiri aakulu. Kumadzulo, makilomita pafupifupi 50, kuli dambo la Lukanga, kumene Alenje ndi Abatwa akhala akupha nsomba kuyambira kalekale. Kum'mwera chakum'mawa, pa mtunda wofananawo, kuli damu la Mulungushi, ndipo limeneli analibereka ndi mgodi. Mu 1902 T.G. Davey anapeza mtovu ndi zinki pamalo ano, nawatcha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Kuyenga zinki kumadya magetsi ochuluka, choncho kampani ya mgodi inatseka mtsinje wa Mulungushi, ndipo mu 1925 damulo linatsegulidwa ndi kalonga wa ku Britain amene pambuyo pake anakhala Mfumu Edward VIII. Cholinga chinali magetsi chabe. Koma madzi atadzaza chigwa, mabwana a mgodi anaona kuti apeza malo opumulirako kutali ndi utsi, ndipo kalabu ya maboti imene inakhazikitsidwa kumeneko ilipo mpaka lero.

Injini yomangirira kumbuyo kwa boti inali itabadwa kale nthawi imeneyo, ndipo inabadwira kusewera komweko. Ole Evinrude anabadwira ku Norway nakulira ku America. Mu 1909, mumzinda wa Milwaukee, anayamba kupanga kainjini ka hosipawa 1.5 koti munthu anyamule pamanja, amangirire ku boti, madzulo amasule. Kampani yake inkakonda kusimba kuti maganizowa anamubwerera tsiku lina atapalasa mtunda wautali kukagulira chibwenzi chake, Bess Cary, ayisikilimu, n'kufika nayo itasungunuka. Nkhaniyi ikumveka ngati ya otsatsa malonda, koma ikuonetsa bwino munthu amene ankamupangira injiniyo: wa ndalama zake, wofuna kuyenda pamadzi tsiku lopuma. Evinrude sanali woyamba kuyesa, koma ndiye anagulitsa zambiri. Abale a banja la Johnson anabwera ndi yawo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1936 mayina awiriwa anakhala pansi pa kampani imodzi, Outboard Marine. Ku Britain kunali British Seagull, yopangidwa ku Poole, kainjini kaphokoso kosavuta kukonza kamene kanafalikira m'maiko ambiri olamulidwa ndi Angerezi.

Za Seagull sitinazimve m'buku. M'komboni mwathu muno muli madala ena amene ali mnyamata, dziko lisanalandire ufulu mu 1964, ankagwira ganyu ku damu: kutsuka maboti, kunyamula zigubu za petulo, kukankhira maboti m'madzi. Tinawapeza atakhala pakhonde, tinawauza za Evinrude yathu ija.

"Ana anga, injini zimenezo ndinazinyamula paphewa ine," anatero. "Johnson, Evinrude, ndi ka Seagull kaja kofuka ngati mbaula ya makala aawisi. Kukankha boti tinkakankha, madzi mpaka m'chiuno. Likangoyandama, ife tibwerere kumtunda."

Tinawafunsa kuti, "Agogo, simunakwereko ngakhale tsiku limodzi?" Anangoseka. Kenako anatifotokozera mmene ankasakanizira mafuta a Seagull: muyeso umodzi wa oyilo pa miyeso 10 ya petulo. Ndiye kuti chigubu cha malita 20 chinkafuna malita awiri a oyilo. Kumbuyo kwa boti kunkatsala mzere wonyezimira pamadzi, ndipo panalibe amene ankadandaula nazo masiku amenewo.

Atatha ulamuliro wa azungu, makalabu anatsegukira aliyense wokwanitsa kulipira, koma injini zija sizinakhalitse. Mu January 1973 malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa. Mu 1975 mtengo wa kopa unagwa pamsika wa dziko lonse, ndalama zakunja zinasowa, ndipo chilichonse chofuna sipeya yochokera kunja chinayamba kuima: mabasi, mathirakitala, zigayo. Madala aja akuti injini zambiri za ku damu sizinafe ndi ukalamba. Zinkafa chifukwa cha kanthu kang'ono ngati koyilo kapena kalabala ka pampu ya madzi, kenako zinkagona m'magalaji mpaka wina atazigulitsa ngati zitsulo zakutha.

Pamene izi zinkachitika, ku Japan kunali kukula mtundu wina wa injini. Tohatsu inatulutsa yake mu 1956, Yamaha mu 1960, Honda mu 1964 ndipo Suzuki mu 1965. Ya Yamaha yoyamba, P-7, inatengera zambiri ku injini ya njinga yamoto. Chimene chinasiyanitsa makampani a ku Japan n'chakuti ankayang'ana kwambiri msodzi. Injini ya bwana wokasewera imalira maola ochepa pamwezi, m'madzi oyera, ndi petulo wabwino. Ya msodzi imalira tsiku lililonse, m'matope, boti litalemedwa, petulo wake wogula m'mabotolo. M'zaka za m'ma 1970 Yamaha inayamba kupanga mtundu wa Enduro poganizira ntchito yotereyi, ndipo inapanganso zina zolizira petulo kenako n'kumayendera parafini. Lero mukapita ku Mpulungu, ku Samfya, ku Nchelenge, kapena kwa anzathu opha usipa pa nyanja ya Malawi, injini za hosipawa 15 ndi 40 za mtundu umenewu ndi zimene mudzaziona kwambiri kumbuyo kwa maboti.

Ife a Makululu injini imeneyi tinakumana nayo ku Lukanga, osati ku Mulungushi. Mgodi utatsekedwa mu 1994, mabanja ambiri a mu Kabwe anatsala opanda malipiro, ndipo ena anatembenukira ku nsomba. Ambiri a ife tinaphunzira sukulu ndi ndalama za mpende ndi milamba youma imene amayi athu ankakatenga ku madoko ngati Waya n'kudzagulitsa m'misika ya m'tauni. Asodzi ambiri kumeneko akali kupalasa mabwato osema. Maboti a injini ntchito yake yaikulu ndi kunyamula anthu, ufa, mchere ndi mitolo ya nsomba pakati pa doko ndi misasa ya mkati mwa dambo.

Lukanga imachititsa manyazi injini yaikulu. Madzi ake ndi osaya, njira zake ndi zopapatiza pakati pa bango ndi gumbwa, ndipo udzu woyandama umatha kutseka lero njira imene munadutsa dzulo. Pulopela imakola zomera. Choopsa kwambiri ndi timabowo tokokera madzi oziziritsa injini, tili pansi pafupi ndi pulopela. Tikatsekeka, impela, kalabala kaja ka pampu, imauma n'kupsa m'kanthawi kochepa, injini n'kutentha. Ndiye chifukwa chake woyendetsa wodziwa ntchito amangocheukacheuka kuona ngati kamadzi kaja kotuluka kumbuyo kwa injini kakali kutuluka. Makanika wina amene wakhala akukonza injini za ku Waya anatiuza kuti nyengo yake ya ndalama ndi March. Boma limaletsa kupha nsomba kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, injini zimagona miyezi itatu petulo ali m'kabuleta, petuloyo amauma n'kusiya zomata. Chiletso chikatha, aliyense amabwera akudandaula kuti injini yakana kulira.

Makanika yemweyo ndi amene anatifunsa funso limene tonse 9 sitinaliganizire: sipeya ya Evinrude mukaigula kuti? Apa mbiri inatithandiza. Kuyambira mu 1998 malamulo a ku America oletsa utsi anayamba kufinya injini za two-stroke zakale. Kampani ya Outboard Marine inagwa mu December 2000, mayina a Johnson ndi Evinrude anagulidwa ndi Bombardier ya ku Canada, ndipo mu May 2020 kupanga injini za Evinrude kunalekeka. British Seagull inali itasiya kale mu 1996. Eni dzina la Evinrude ananena kuti apitiriza kugulitsa masipeya, koma Canada ili kutali ndi munthu amene boti lake laima pa Chiwelu m'mawa makasitomala atalipira kale. Tinazindikira kuti tikanagula vuto lomwe lija la m'ma 1970, lokhala ndi injini yabwinobwino yogona chifukwa cha kalabala kamodzi.

Panalinso zina zimene wogulitsa wa ku Lusaka uja sanatiuze, mwina dala, mwina posadziwa. Boti lililonse lili ndi malire a mphamvu ya injini imene thabwa lake lakumbuyo lingapirire, ndipo 60 inali yopitirira malire a lathu. Injini yoposa muyeso imang'amba faiba pang'onopang'ono, imamiza kumbuyo kwa boti, ndipo pokhota ingakugubuduzeni. Kachiwiri ndi kutalika kwa mwendo wa injini. Pali waufupi wa mainchesi 15 ndi wautali wa mainchesi 20, ndipo uyenera kulingana ndi kutalika kwa thabwa lakumbuyo. Waufupi pa boti lalitali umapalasa mpweya. Wautali pa boti lalifupi umalima pansi, ndipo madala aja anatichenjeza kuti madzi a Mulungushi akatsika m'chilimwe, miyala ndi zitsa zimayandikira pamwamba. Wowotcherera wathu anayeza thabwa lathu ndi tepi, tinapeza kuti likufuna mwendo wautali.

Evinrude itachoka pa tebulo, panatsala mkangano umene unativuta koposa: two-stroke kapena four-stroke. Four-stroke imamwa petulo wochepa, siisokosa, siifuka, ndipo oyilo wake amakhala payekha ngati wa motoka. Kwa anthu obwera kudzapuma, kudzajambula zithunzi ndi kucheza, imeneyi ndiyo yoyenera. Koma ndi yodula, yolemera, ndipo ukaigoneka kumbali yolakwika oyilo amalowa kumene safunika. Ife injini sitingaisiye ku damu, tiyenera kumainyamula pa motoka ya hayala sabata iliyonse mumsewu wa fumbi. Two-stroke ndi yopepuka, aliyense wokonza njinga zamoto amaimvetsa, ndipo za masiku ano zambiri zimafuna muyeso umodzi wa oyilo pa miyeso 50 ya petulo, kutanthauza mamililita 400 pa malita 20. Poyerekeza ndi Seagull ndi pang'ono kwambiri, koma ena mwa mafutawo amatsalabe m'madzi.

Apa tiyenera kunena zoona, nkhope zathu zinagwa. Ife ndife ana a Makululu. Tinakulira m'fumbi la mtovu limene mgodi unatisiyira, ana athu amayezedwa magazi chifukwa cha fumbilo, ndipo pa wayilesi timalankhula za izi pafupifupi mwezi uliwonse. Kodi ndife amene tikathire oyilo m'madzi amene anthu a m'mbali mwa Mulungushi amaphamo nsomba? Mlongo wina m'gulu, wogulitsa salaula, anaimirira pa mfundo imeneyi mpaka kumapeto, ndipo palibe amene anamuyankha mokhutiritsa. Tinangomuonetsa buku la chilimba.

Tinaponya voti, asanu kwa anayi. Inapambana two-stroke yatsopano ya hosipawa 15, ya mwendo wautali, ya mtundu umene masipeya ake amapezeka ku Lusaka ndipo makanika wa ku Waya uja amaudziwa. Siithamanga, ndipo anyamata okonda liwiro akali okwiya. Ndalama zotsala tagulira majekete oyandamitsa a munthu aliyense wokwera, nkhafi ziwiri, impela ndi mapulagi apadera, komanso kachingwe kofiira komangirira padzanja kamene kamazimitsa injini woyendetsa akagwera m'madzi. Tinalembanso m'buku, mlongo uja akuyang'ana, kuti phindu la chaka choyamba silidzagawidwa, lidzasungidwira four-stroke. Mapepala olembetsera boti ku boma ali m'njira.

Sabata yatha tinabwerera kwa madala aja kukawauza kuti ulendo woyamba adzakwera nawo, ndipo adzakhala kutsogolo. Anakana. Akuti kutsogolo kumakhala alendo, iwo akufuna kumbuyo, pafupi ndi chogwirira cha injini, chifukwa sakukhulupirira kuti pakati pathu pali amene amadziwa kusakaniza mafuta.