Mukapita ku Zomba, Musangojambulitsa

Tiyerekeze kuti mwagwirizana anthu 15, mwasonkherana ya mafuta, mwachita hayala minibasi, ndipo Loweruka m'mamawa mwanyamuka ku Limbe kulowera ku Zomba. M'galimoto muli phokoso, wina watenga mandasi, wina akulimbana ndi adalaivala nkhani ya nyimbo. Ulendo wake ngwaufupi, makilomita osapitirira 70. Ambirife tikapita kumeneko timabwerako ndi zithunzi za mapaini ndi damu la Mulunguzi basi. Pempho langa sabata ino ndi lakuti paliponse pamene minibasi yaima, mufunse mafunso awiri: pano akukumbukira ndani, nanga wasiyidwa ndani?

Zomba ndi tauni yoyenera mafunso amenewa. Inali likulu la dziko lino kuyambira 1891, nthawi ya Harry Johnston, kufikira 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe. Nyumba ya malamulo inatsalira komweko mpaka 1994. Zaka zonsezo malamulo a msonkho, a nkhondo ndi a ndende ankatuluka m'nyumba zimene mukukaonazo.

Polowa m'tauni, muwauze adalaivala aime pa nsanja ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi, pafupi ndi Cobbe Barracks. Kamera muzisamala nayo, pamenepo mpafupi ndi asilikali. Nsanjayi ndi chipilala cha King's African Rifles, gulu la nkhondo limene Angerezi anakhazikitsa mu 1902, lomwe makolo athu ankangoti Keyala. Werengani mayina olembedwa pamenepo mokweza, mudzamva kuti ndi mayina akwathu komwe kuno. Ndi anyamata amene anafera pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene agogo ankaitcha nkhondo ya Chiwaya potengera mfuti yolira mosalekeza ija. Nkhondoyo inafika msanga kwathu kuno, moti pa 9 September 1914 Angerezi ndi Ajeremani anali atamenyana kale ku Karonga.

Koma tamvani izi. Akatswiri a mbiri amati Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000, pamene amtengatenga anali pafupifupi 200,000. Amtengatenga ndi aja ankasenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu, kuyenda wapansi mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Ambiri sanapite mofuna, ankachita kugwidwa m'midzi. Njala, kamwazi ndi chibayo zinawatha m'njira. Chipilala chija chinamangidwa m'dzina la asilikali, ndipo mtengatenga sanali msilikali. M'minibasi mwanumo, mosakayika alimo amene gogo wa agogo ake anasenzako katunduyo, koma mwina iye mwini sakudziwa n'komwe.

Munthu mmodzi anafunsa funso lovuta nkhondo itangoyamba. Mu November 1914 Mbusa John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo yosakhala yawo, n'kusiya amasiye opanda wowasamala. Boma la ku Zomba linaletsa kalatayo kufalitsidwa. Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira azungu a ku esiteti ya Magomero, kufupi ndi Namadzi pamene mwadutsa paja, ndipo pa 3 February iye anaphedwa. Choncho mukaima pansanjapo, muikumbukirenso kalata imeneyi, chifukwa nkhani yake ndi ya anyamata omwewo.

Pafupi pomwepo pali ndende yaikulu ya Zomba, yomangidwa mu 1935. Pano musatsike, ingouzani adalaivala achepetse wailesi. M'kati mwa mpanda umenewo ndi mmene munafera a Orton Chirwa pa 20 October 1992. Bambo ameneyu anali loya woyamba wachikuda m'dziko muno, mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party mu 1959, komanso nduna ya zachilungamo titangolandira ufulu. Anagwidwa mu December 1981 pamodzi ndi akazi awo, a Vera Chirwa, ndipo mu 1983 onse awiri anagamulidwa kuti aphedwe, chilango chimene pambuyo pake chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Mayi Chirwa anatuluka mu January 1993, amuna awo atamwalira kale. Mukamadutsa mumangoona khoma, eti? Wosauzidwa sangadziwe.

Ife okonda zolemba tili ndi pathu poima: Gymkhana Club, kalabu yakale ya atsamunda. Pa 25 September 1987 apolisi anamugwirira pamenepo Jack Mapanje, mlakatuli wa Of Chameleons and Gods, amene panthawiyo ankatsogolera dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College. Anakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka May 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse. Inu amene mumalemba ndakatulo usiku n'kuiponya pa intaneti m'mawa mopanda mantha, kafikeni pakhonde limenelo. Sipanathe zaka 40 chichitikireni zimenezi.

Kenako minibasi iyambe kukwera chakumapazi a phiri, kumene kuli nyumba zakale za boma. Hotel Masongola ndiyo nyumba imene John Buchanan anamangira kazembe wa Britain mu 1886, ndipo Johnston anakhalamo. Pafupi pake pali munda wa mitengo ndi maluwa umene Alexander Whyte anayambitsa mu 1891. Mayina a azunguwa analembedwa bwinobwino m'mabuku. Nanga amene anaumba njerwa ndi kusenza miyala? Mabuku omwewo amangoti antchito.

Nyumba yakale ya malamulo ili chakomweko. Ndi yaing'ono kuyerekeza ndi ya ku Lilongwe, koma inaona zambiri. Pa 8 ndi 9 September 1964, patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, aphungu anakhala mmenemo kukambirana za mkangano wa Dr Banda ndi nduna zake. A Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo anali atachotsedwa, pamene a Masauko Chipembere, a Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo. Pasanathe mwezi, m'misewu ya Zomba munali ndewu pakati pa otsatira mbali ziwirizi, ndipo ambiri mwa atsogoleriwo anathawira kunja. Ndi ku Zomba komweku kumene a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anagwidwa mu May 1983 atachokera ku nyumba ya malamulo. Mitembo yawo inapezeka ku Thambani, ku Mwanza, ndipo boma linati ndi ngozi ya galimoto. Chilungamo chake chinadzatuluka poyera 1994 itadutsa.

Tsopano kwerani phiri. Msewu wake ngokhotakhota, ndiye ngati minibasi ili yotopa mabuleki, musachite nayo manyazi, kambiranani musanayambe. Pamwamba, pamene nsonga zake zimapitirira mamita 2,000, pali malo awiri otchuka oonera patali. Queen's View anaitcha choncho chifukwa mayi a Mfumukazi Elizabeth anaimapo mu 1957, ndipo Emperor's View ndi ya Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anabwera mu 1965. Alendo a tsiku limodzi anasiya mayina awo paphiri. Koma kukakhala kowala, yang'anani kunsi: tauni yonse ili pamapazi anu, uko nyanja ya Chilwa, uko phiri la Mulanje. M'chigwa cha kummawacho ndi mmene muli Mikuyu, kumene anthu anakhala zaka osaona mabanja awo.

Musaganize kuti amene alibe chipilala anaiwalika kotheratu. Anthu wamba anali ndi njira zawo zosungira nkhani. Magule a beni, mganda ndi malipenga, ndi mayunifolomu ake, mizere yake ndi maudindo ake achisilikali, anatengera perete wa asilikali a nthawi imeneyo. Madzi osefukira amene anagumula phiri n'kuwononga Zomba mu December 1946, anthu anawasunga m'dzina limodzi lokha, Napolo, ndipo Steve Chimombo anadzalitola dzinalo n'kulilowetsa m'mabuku. Vuto ndi lakuti nkhani ya pakamwa imapita ndi mwini wake. Amene anaona Chiwaya anatha onse. Amene anaona 1964 ali ndi zaka za m'ma 70 ndi 80. Amene anali ndi m'bale ku Mikuyu alipo ambiri, ena timapemphera nawo, koma sitinawafunsepo.

Ndiye pitani ndithu, kajambulitseni, kaguleni mastirobere kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Koma potsika phiri, minibasi isanafike pa Thondwe, aliyense atchule munthu mmodzi wa kwawo amene akudziwa za nkhondo, za thangata kapena za ndende. Mukafika kunyumba, mukamuyendere mutatenga kope ndi cholembera. Mukamufunse dzina, mudzi ndi chaka, ndipo mukalembe monga mmene wanenera.