Usiku umene pantoni inagona tsidya lina

Inu adzukulu mukamadutsa pa baraji ya Liwonde mu minibasi, maso ali pa foni, simudziwa kuti pamenepo panathera nkhondo. Kale wochokera ku Balaka kapena ku Fort Johnston, kumene lero mukuti Mangochi, ankawoloka Shire pa pantoni kuti akafike ku Zomba, likulu la dziko masiku amenewo. Boma lathu lino linkatchedwa Kasupe. Balaka anachita kuidula ku Machinga mu 1998, dzulodzuloli.

Ufulu tinalandira pa 6 July 1964, koma isanathe miyezi itatu Kamuzu anali atayambana ndi nduna zake. Masauko Chipembere, nduna ya maphunziro, mmodzi wa anyamata omwe anaitana Kamuzuyo kuti adzatsogolere chipani cha Congress mu 1958, anatula pansi udindo nabwerera kwawo ku Malindi. Kuchoka apo analowa m'mapiri ndi anthu ake.

Usiku wa 12 February 1965 anatsika, amuna pafupifupi 200. Analanda polisi ya Fort Johnston, natenga mfuti ndi magalimoto. Mkazi wa wapolisi ndi mwana wake anafera pomwepo, ndipo zimenezi sindikubisirani, ngakhale ena pofotokoza amazilumpha. Ndiye uyo, ulendo wa ku Zomba. Atafika pa doko, anapeza pantoni ili yomangirira tsidya lino la Liwonde. Shire si mtsinje woti munthu n'kusambira usiku, ng'ona zake mukuzidziwa. Anaima pagombe, mfuti zili m'manja, madzi akungodutsa, kenako anabwerera, ndipo asilikali a boma atawapeza, iwo n'kubalalikira m'tchire.

Chipembere anatuluka m'dziko chaka chomwecho, ndipo anakamwalira ku Los Angeles mu 1975 ndi matenda a shuga. Amene anatsala m'thengo ndi Medson Silombela, mtsogoleri wa ankhondo ake. Ameneyo dzina lake tinkalitchula monong'ona, ana atagona. Kwa miyezi ankazemba m'mapiri a kum'mawa kwa Shire, ndipo midzi inali pakati ngati chimanga mumtondo: ukam'patsa nsima ndiwe chigawenga, ukam'mana ndiwe kapirikoni wa boma. Nyumba zinapsa, anthu anatengedwa.

Silombela anamugwira kumapeto kwa 1965, nam'zenga mlandu wakupha. Kamuzu anaumirira kuti anyongedwe anthu akuona, ndipo zinaterodi ku ndende ya Zomba mu 1966, pamaso pa khamu loitanidwa, abale a ophedwa ali pomwepo.

Kodi anali ngwazi kapena chigawenga? Musandifunse msanga. Ine ndinaona amayi akulira mbali zonse ziwiri, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 sitinkayerekeza ngakhale kufunsa funso limenelo. Koma mukadzadutsanso pa baraji, muike foniyo m'thumba, muyang'ane gombe la mbali ya Balaka. Anaima pamenepo.