MBIRI YA SOPHIATOWN, MUDZI WOPANDA MPANDA

Amuna a kuno amene anapita ku Joni ndi Wenela anali kugona m'makomboni a migodi, ndipo mzinda weniweni anauona pang'ono cabe. Koma iwo amene anayenda okha, napeza nchito m'mahotela, m'masitolo ndi m'nyumba za Azungu, anayenera kudzifunira okha pogona, ndipo ena a iwo anapeza cipinda ku Sophiatown, mtunda wa mamailosi anai kumadzulo kwa pakati pa Johannesburg.

Malowo poyamba anali munda. M'caka ca 1897 munthu wina wamalonda, dzina lace Hermann Tobiansky, anagula maekala 237, nawagawa tizigawo ting'onoting'ono kuti agulitse kwa Azungu anzace. Mudziwo anaucha dzina la mkazi wace Sophia, ndi miseu ina maina a ana ace, monga Toby, Gerty ndi Bertha. Koma malonda sanayende monga anayembekezera, pakuti akuru a mzinda anaika pafupi pomwepo malo otayirako zonyansa za m'zimbudzi, ndipo Azungu anaipidwa nalo pfungo. Tsono mwini malo anayamba kugulitsa kwa ali yense wakudza ndi ndalama, wosayang'ana khungu.

Apa ndi pamene panagona kusiyana kwa Sophiatown ndi malokeshoni. Tsidya lina la mseu waukuru kunali Western Native Township, ya m'manja mwa akuru a mzinda, yozingidwa ndi mpanda wacitsulo. Nyumba zace zinali zofanana, ndipo wokhalamo anali pansi pa Mzungu woyang'anira. Ali yense amene anakhalapo m'komboni ya ku Migodi kapena ya mu Lusaka pa masiku aja, pamene kutha kwa nchito kunali kuthanso kwa nyumba, adziwa kulemera kwace kwa nkhani imeneyi. Mu Sophiatown munalibe mpanda, munalibe cipata, munalibe wofunsa mlendo kuti wadzaona yani. Munthu wakuda anali ndi kalata ya malo ace, namanga nyumba monga anafunira mwini, nadziwa kuti akafa idzatsalira ana ace.

Ufulu wotere unaitana anthu ambiri koposa amene malo akanatha kusunga. Pa zaka za m'ma 1930 boma linapasula mabwalo a anthu osauka a pakati pa mzinda, ndipo opitikitsidwawo anathamangira komweko. Pa nkhondo yaciwiri mafakitale anacuruka, anthu nacurukanso. Pofika kumapeto a zaka za m'ma 1940 munali anthu akuda pafupifupi 54,000, Makaladi 3,000, Amwenye 1,500 ndi Machaina 686. Eni malo anali owerengeka. Unyinji unali wa alendi. Popeza ambiri anagula malo ao ndi ngongole, anamanga tizipinda ta njerwa ndi ta malata kuseri kwa nyumba kuti lendi ibweze ngongoleyo, kotero kuti pa bwalo limodzi mabanja ambiri anali kulimbirana mpopi umodzi ndi cimbudzi cimodzi. Amene akumbukira mudziwu ndi nyimbo zokha aiwala matope, utsi wa mbaula ndi makanda amene anafa ndi matenda a m'mimba.

Komabe kupanikizana komweko kunasanganiza anthu amene kwina konse malamulo anawalekanitsa. Dr. A. B. Xuma, sing'anga amene anatsogolera African National Congress kuyambira 1940 kufikira 1949, anali ndi nyumba yace yabwino mu Toby Street, ndipo pafupi pace panali amai ofulula mowa mobisa, okwirira zigubu pansi poopa apolisi. Mzulu, Msutu, Mtswana ndi mchona wa kumpoto anamvana m'cinenero cosakaniza ca m'miseu. Olemba a magazini ya Drum, monga Can Themba ndi Bloke Modisane, anakhala momwemo. Momwemonso munali anyamata a mipeni, gulu lochuka la iwo lodzicha Americans cifukwa ca zobvala zao. Ku Odin anthu anapita kukaona kanema, kukamva oyimba, ndi kukacita misonkhano ya ndale. Dolly Rathebe anakulira m'miseu imeneyi, ndipo Dorothy Masuka, wobadwira ku Bulawayo kwa atate a ku dziko lino, anachuka pa masiku omwewo.

Masukulu anali a mishoni, ndipo malo sanakwanire. Ana ambiri anakulira pa mseu, makolo ali ku nchito kuyambira mbandakuca. Pamwamba pa citunda panaima chalichi ca Christ the King, ca ansembe a Anglican a Community of the Resurrection, ndipo iwo anayendetsa sukulu ya St Cyprian's, imene inaposa zonse za m'mudzimo kukula. Bambo Trevor Huddleston anafika m'caka ca 1943. Iye anazindikira msanga kuti mwana wanjala samva za mphunzitsi, nalimbikira kupempha ndalama kwa olemera a mu mzinda kuti ana alandire cakudya. Mwana wopambana anapitirira ku sukulu yapamwamba ya ku Western Native Township, imene inadziwika ndi dzina la mphunzitsi wace wamkuru, Madibane. Kumeneko anaphunzira mnyamata wina, Desmond Tutu, amene anadwala cifuwa cacikuru nagona m'cipatala miyezi yoposa caka. Huddleston anali kumuyendera kawirikawiri, atanyamula mabuku. Owerengeka anafika ku St Peter's ku Rosettenville, sukulu ya ansembe omwewo, kumene Oliver Tambo, amene pambuyo pace anakhala zaka zambiri mu Lusaka, anaphunzitsa masamu ndi sayansi, ndi kumene Hugh Masekela analandira lipenga lace loyamba.

Boma la National Party, lolowa mu 1948, linakantha mudziwu kawiri. Nkhonya yoyamba inagwa pa masukulu. Lamulo la Bantu Education la 1953, lobwera ndi Dr. Verwoerd, linacotsa masukulu m'manja mwa mishoni, ndipo mwini wace sanabise colinga: mwana wakuda aphunzire zomuyenereza nchito yotumikira basi. Bishopu Ambrose Reeves wa ku Johannesburg anasankha kutseka masukulu a mpingo wace koposa kuwapereka. Kunali kusankha kowawa, pakuti amene anasenza mtolo wace anali ana, ndipo makolo ena anati maphunziro opereweza aposa kukhala pa mseu. St Peter's inatsekedwa mu 1956.

Nkhonya yaciwiri inagwa pa nyumba. Midzi ya Azungu ya Westdene ndi Newlands inali itakula kufikira kukhudzana ndi Sophiatown, ndipo mu 1954 anapanga lamulo losamutsa anthu. Boma linati likucotsa uve; koma likadafuna zimenezo likadapatsa alendi nyumba zina ndi kusiya eni malo. Cimene linadana naco cinali kalata ija ya malo m'dzanja la munthu wakuda. Congress inacititsa misonkhano yokana kusamuka, koma boma linafulumiza tsiku. Pa 9 February 1955, kusanace, apolisi 2,000 a mfuti analowa ndi malole, nanyamula mabanja oyamba kunka nao ku Meadowlands, kutali ndi nchito zao. Kumeneko anawagawa monga mwa mitundu yao, m'tinyumba tofanana, topanda kalata ya umwini. Amwenye anawatumiza ku Lenasia, Makaladi kwina. Huddleston anaitanidwa kwao ndi akuru ace, nacoka mu 1956.

Kugumula kunatenga zaka zingapo. Pa mabwinjapo anamanga nyumba za Azungu a malipiro ocepa, naucha mudzi watsopanowo Triomf, ndiko kuti Cigonjetso; ndipo olima maluwa m'mabwalo ao anali kufukula zidutswa za mbale ndi njerwa za eni ace akale. Mwa zomangidwa zocepa zimene zinapulumuka muli nyumba ya Dr. Xuma ndi chalichi ca Christ the King, kumene anaika phulusa la Huddleston atamwalira mu 1998. Dzina lakuti Sophiatown linabwezedwa m'caka ca 2006.