Mtsinje wosunga nthawi ndi mtsinje wodzidzimutsa

Mwana wa Fomu 1 amatha kulakatula Nile, Tigris ndi Euphrates osapuma. Koma mukamufunsa chifukwa chimene mizinda yoyambirira inamangidwira m'mphepete mwa mitsinje imeneyi, amangoti, "Kunali madzi." N'zoona ndithu, komatu yankho limenelo silifotokoza chifukwa chimene Egypt ndi Mesopotamia anasiyanirana chonchija. Ine ndimaona kuti phunziroli liziyamba ndi funso limodzi: mtsinjewo unkasefukira mwezi uti?

Nile ankasunga nthawi. Mvula ikagwa kumapiri a Ethiopia, madzi ankayamba kukwera ku Egypt cha mu Julayi, n'kuphwa cha mu Okutobala, kusiya matope akuda achonde. Mlimi ankangofesa tirigu ndi balere m'matopemo, n'kudzakolola mtsinje usanadzazenso. Mwana wa ku Nsanje kapena Chikwawa, yemwe amaona makolo ake akudzala kudimba madzi a Shire akaphwa, izi sangavutike nazo. Anthuwo dziko lawo ankalitchula Kemet, kutanthauza nthaka yakuda. Pachilumba cha Elephantine panali masitepe oyezera msinkhu wa madzi, ndipo muyezowo unkathandiza akuluakulu kudziwiratu zokolola ndi msonkho wa chakacho. Chinanso chokoma n'chakuti madzi a Nile amatsetserekera kumpoto pomwe mphepo imawombera kumwera, choncho bwato linkatsika ndi madzi, pobwerera n'kukwera ndi thanga. Mtsinje womwewo unali msewu, chipululu uku ndi uku chili ngati mpanda. Pofika cha mu 3100 BC, dziko lonselo linali pansi pa mfumu imodzi.

Ku Mesopotamia, komwe lero kuli Iraq, zinali zina. Tigris ndi Euphrates amadzaza chipale chofewa chikasungunuka kumapiri a Turkey, cha mu Epulo ndi Meyi, mbewu zitacha kale m'munda. Tangoganizani, madzi kubwera mwaukali pa nthawi yokolola, pa nthawi yodzala n'kuchepa! Mlimi kuti adye ankayenera kukumba ngalande ndi kuunda makoma adothi otchinga madzi, ntchito yosatheka ndi banja limodzi. Mzinda uliwonse, kaya Ur, Uruk kapena Lagash, unkasamala ngalande zake, ndipo Lagash ndi Umma analimbirana minda ya m'malire mwawo mibadwomibadwo. Ngakhale m'malamulo a Hammurabi, cha mu 1750 BC, nkhaniyi ilimo: wolekerera khoma lake mpaka madzi kuononga minda ya anzake ankalipira mbewu zoonongekazo.

Miyala ndi mitengo yomangira kumeneko zinali zosowa. Chochuluka chinali dongo ndi bango basi. Ndiye ankamanga ndi zidina, polemba n'kumadinda zizindikiro padongo lofewa ndi kabango kosongola. Mphunzitsi wa sukulu yoyandikana ndi dambo sasowa zipangizo apa, ana akhoza kukatapa dongolo okha.

Chimodzi chokha anawo auzidwe, kuti asamaganize kuti zikadali choncho: kuyambira pomwe damu lalikulu la Aswan linamalizidwa mu 1970, Nile sasefukiranso m'minda ya ku Egypt, ndipo matope aja amatsalira kuseri kwa damulo.